Za Makina Ogona m'Sitolo

Pa sukulu zambiri za sekondale zimene ndaloŵamo kwathu ku Rumphi pali chipinda chimodzi chimene ana a sukulu sadziŵa m'kati mwake. Kaŵirikaŵiri chimakhala kuseri kwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu kapena kumapeto kwa mdadada wa makalasi. Zenera lake amatchinga ndi katoni, ndipo pa chitseko pamalendeŵera loko wamkulu amene kiyi wake amasunga munthu mmodzi. Amachitcha sitolo, ngakhale simugulitsidwa kanthu. Mukapeza mwayi wosuzumiramo, maso akazoloŵera mdima, mudzaona kuti katundu wa m'menemo anaunjikana mwa mibadwo, monga momwe dothi limaonekera m'mbali mwa phiri pamene anadula msewu wa ku Chiweta. Pansi penipeni pali makina otaipira a dzimbiri. Pamwamba pake pali makina a Gestetner amene ankapukusa mayeso, inki itaumiramo gwa. Kenaka mapu ong'ambika, ng'oma yobooka, mipando ya miyendo itatu. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali mabokosi otuŵa a makompyuta, ndi masikirini aja a chimimba kumbuyo, atayang'anitsidwa ku khoma ngati ana opatsidwa chilango.

Ine ndine mmodzi wa anthu oŵerengeka, ena amati osokonekera mutu, amene amafuna makina amenewo. Sindiwafunira ntchito, pakuti foni iri m'thumba mwangamu imawaposa onse pamodzi. Ndimawafuna kuti asungidwe, mmodzi wa mtundu uliwonse, kuti tsiku lina mwana wa ku Bolero kapena ku Mhuju adzaone ndi maso chinthu chimene makolo ake anayambira kugwira pamene dziko linkasintha. Koma kupeza kompyuta yakufa pa sukulu ya boma nkovuta kuposa kugula yatsopano ku Mzuzu, ndipo chifukwa chake ndicho ndifuna tikambirane.

Tiyambe ndi m'mene makinaŵa anafikira. Ochuluka a iwo sanabwere ali atsopano. Anali atagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi ndi m'masukulu a ku Mangalande, eni ake nkuwatopa nawo, anthu akufuna kwabwino nkuwatola, kuwapukuta, kuwalonga m'makontena. Anayenda pa nyanja, anakwera malole, anadutsa pa Njakwa, nadzatsitsidwa pa bwalo la sukulu ana akuimba, a komiti atavala majekete. Ntchito imeneyi siinathe ayi. Kuyambira cha m'ma 2016 bungwe la Turing Trust la ku Scotland, limene anayambitsa James Turing, mdzukulu wa mkulu wake wa Alan Turing uja, lakhala likugwirizana ndi a Centre for Youth and Development a ku Mzuzu kuika makompyuta okonzedwanso m'masukulu a chigawo cha kumpoto, ndipo ana ambiri aphunzirirapo. Koma amene ine ndikunena ndi akale kuposa amenewo, a m'zaka zija Windows XP inali mfumu, obwera ndi magulu osiyanasiyana amene ena maina awo anaiŵalika ngakhale ndi sukulu zimene zinalandira.

Motero kompyuta ikamafika kwathu inali nkhalamba kale, ndipo tinkaipatsa khasu kuti iyambenso kulima. Fumbi la mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Henga linkaloŵa m'fani mpaka kuima. Magetsi ankathima nkubwerera mwa mkokomo, nkupsereza zam'kati. Chiphaliŵali cha mvula yoyamba chinkatenga ziŵiri kapena zitatu usiku umodzi. Wokonza analibe, kupatula mphunzitsi wa sayansi amene anadziphunzitsa yekha, ndipo nzeru yake inali imodzi: kupha ziŵiri kuti imodzi ikhale ndi moyo. Chaka ndi chaka labu inkachepa, sitolo nkumadzaza. Ife tinayamba tiri atatu pa kompyuta imodzi mu Fomu 1. Pofika Fomu 4 tinali khumi, mmodzi akugwira mausi, ena tonse tikumuuza pogwira.

Tsono funso nlakuti, zikafa bwanji sazitaya, kapena kupatsa wozifuna? Yankho lake liri m'buku limodzi lakuda chikuto lotchedwa kaundula wa katundu. Chinthu chikangoloŵa pa geti ya sukulu ya boma nkulembedwa m'buku limenelo, chasanduka katundu wa boma, ngakhale chinabwera ngati mphatso. Chimapatsidwa nambala, nambalayo nkulembedwa pa nthiti pake ndi penti yoyera. Kuyambira tsiku limenelo mphunzitsi wamkulu ndiye mbusa wake, ndipo oŵerengera chuma cha boma akabwera amafuna kuona mutu uliwonse wa m'kholamo. Safunsa ngati ikuyaka. Amafunsa ngati ilipo. Kompyuta yakufa imene iri m'sitolo siimuvutitsa munthu. Kompyuta yakufa imene palibe ingathe kumuchotsetsa ntchito, ngakhale kumudyera penshoni.

Njira yochotsera katundu m'kaundula iripo, ndipo sindikuinyoza. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kagulidwe ndi katayidwe ka katundu wa boma, ndipo bungwe la PPDA linabadwira pamenepo. Ganizo lake nlomveka kwa aliyense amene anaonapo galimoto ya boma yabwinobwino ikulembedwa kuti yatha, maŵa lake nkuipeza ikunyamula matumba a fodya a bwana wina. Katundu asanachoke payenera kukhala anthu omuyendera, kulemba kuti wathadi, kuvomereza ngati agulitsidwe pa okishoni, apatsidwe ofesi ina kapena aonongedwe. Zonsezi nzoyenera pa thirakitala. Koma taganizani komiti yotere ikhale pansi, ithire mafuta m'galimoto, ikwere mapiri, chifukwa cha mabokosi khumi amene onse pamodzi sangagule mbuzi. Palibe amene amakana; kungoti palibe amene zimamuŵaŵa. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo pa nkhani iyi wamva m'mimba ndine ndekha, munthu wopanda udindo uliwonse.

Ndinayesapo pa sukulu ina imene sinditchula dzina. Ndinali nditaona m'sitolo mwawo kompyuta ya RM, kampani ya ku Mangalande imene inkapangira makina masukulu a kumeneko. Pa chivindikiro chake panali pomata pepala la oyesa magetsi a kwawoko, ndipo pambali mwana wina wachizungu anali atakandapo zilembo ziŵiri za dzina lake ndi kampasi. Pansi pa zilembozo mwana wina wa kwathu anakandapo zake. Ndinaima nthaŵi yaitali ndikuyang'ana maina aŵiriwo. Kenaka ndinapita ku ofesi. Tinkalankhula Chitumbuka, koma ndiika m'Chicheŵa.

"Adada, ndapempha kompyuta ija ya pakona. Siikuyaka. Ndingathe kupereka kangachepe ku thumba la chitukuko cha sukulu, mundilembere risiti."

Anandiyang'ana mwa chifundo, monga muyang'anira munthu amene wabwera kudzafunsira mbeta yomwe inatomeredwa kale.

"Mwana wathu, ine ndikanakonda mutatenga zonse, chipinda chija ndiikemo mabuku. Koma risiti imeneyo ndilembapo kuti chiyani? Kuti ndagulitsa katundu wa boma kwa munthu amene ndikumudziŵa? Inu mudzakhala muli ku koleji, ine ndikuyankha mafunso kuno."

"Nanga mutalemba kalata yopempha kuti zichotsedwe m'kaundula?"

Anatsegula kabati, natulutsa faelo, nandionetsa makope a makalata aŵiri, ina yolemba iwo, ina yolemba amene analipo iwo asanabwere. Sanaonjezepo mau. Anandiperekeza mpaka pa geti, nandifunsa za moyo wa amayi kumudzi.

Sindinawakwiyire bambo amenewo, ndipo mpaka lero ndimati anachita chimene munthu wanzeru akanachita. Chimene chimandipweteka nchakuti kusunga kotereku sikusunga konse. Denga la sitolo ndilo limakhala lomalizira kukonzedwa, choncho mvula imadontha pa makina dzinja lonse. Makoswe amamanga zisa m'kati, natafuna nthambo. Mavu amamata dothi m'maenje onse. Patapita zaka zisanu chimene chatsala ndi chigoba chokhala ndi nambala ya penti yoyera, ndipo woŵerengera akabwera amachonga kuti chiripo. Bukulo liri bwino. Chinthucho chinapita kalekale.

Ndipo mapeto ake enieni amadza mwa njira zosalembedwa. Tsiku lina akuba amathyola zenera. Tsiku lina chipinda chimafunika mwadzidzidzi chifukwa kukubwera alendo, ndiye ana a pa chilango amauzidwa kuti asese, katundu nkukaunjikidwa kuseri kwa zimbudzi. Kumeneko amamupeza anyamata ogula zitsulo zakutha, aja amayenda ndi sikelo pa njinga. Iwo safuna kompyuta, amafuna mkuwa. Amaswa sikirini ndi mwala kuti achotse waya wokulunga pa khosi pake, amatentha nthambo kuti pulasitiki isungunuke, zotsala nkuzisiya pomwepo. Anthu ambiri sadziŵa kuti galasi la sikirini ya mtundu wakalewu liri ndi mtovu wochuluka, wofika kilogalamu kapena kuposa, umene anauikamo kuti uteteze woonera. Likasweka nkukhala pa dothi, mvula imautsuka pang'onopang'ono, ndipo kumunsi kwake nthaŵi zambiri kumakhala dimba la sukulu kapena mjigo. A bungwe la United Nations anaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinatoledwa nkukonzedwa mwa dongosolo sizinakwane gawo limodzi mwa magawo anayi. Mulu wa kuseri kwa zimbudzi uja suli m'gawo laling'onolo.

Ndiye mudzafunsa kuti zimene ndiri nazo ndinazipeza bwanji. Ndiri nazo zitatu zokha, pansi pa bedi kwa amalume. Yoyamba, ya Compaq yokhala ndi Windows 98 ndi kakamwa koloŵetsera disiki ya fulopi, ndinapatsidwa ndi mwini sukulu ina yoima payokha imene inatsekedwa. Iye analibe kaundula womuopsa, anangoti tengani musanandipunthwitse nayo. Yachiŵiri, ya Dell, ndinaiombola kwa wogula zitsulo pa boma, ndipo tinagwirizana mtengo poiika pa sikelo ngati nyemba. Yachitatu ndi sikirini chabe, ya chimimba, yosasweka, imene ndinainyamula pa kabaza nditaikumbatira ngati wodwala. Amalume amati ndikuŵeta makoswe. Azakhali anafuna kusandutsa bokosi la Compaq chikuta cha nkhuku yofungatira, ndipo kunena zoona kukula kwake nkoyenera.

M'maiko ena anthu a mtima ngati wangawu ali ndi magulu awo, amagulitsana zipangizo, ndipo ku Bletchley Park ku Mangalande kuli nyumba yonse yosungiramo makompyuta akale, kumene ena amayatsidwa kuti alendo awagwire. Koma nawonso amadandaula. Masukulu a kumeneko masiku ano sapereka makina kwa munthu wamba. Amaitana kampani imene imatenga zonse, kuphwanya ma hadi disiki, nkupereka chikalata chotsimikiza kuti chinsinsi cha ana sichinatuluke. Iwo amataya msanga kwambiri, ife timachedwa kwambiri, ndipo wosunga zakale amatuluka chimanjamanja uku ndi uku.

Nkhani ya chinsinsiyi ndiyenera kuikhalira pansi pang'ono, pakuti ndi pamene mtima wanga umagaŵikana. Nditayatsa Compaq ija koyamba, nditaipukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku, inalira kaŵiri nkudzuka. M'kati mwake ndinapeza mudzi wathunthu. Munali Mavis Beacon, pulogalamu yophunzitsa kutaipa, ndi mndandanda wa ana amene anapikisana liŵiro la zala, wopambana atadzitcha dzina la woseŵera mpira. Munali Encarta, buku lija la nzeru zonse limene kwa ife linali intaneti tisanaione intaneti, ndipo a Microsoft analisiya mu 2009. Munali nyimbo za kwaya zotaipidwa m'Chitumbuka, paliponse pofunika ŵ atangoika w, chifukwa kiyibodi ya ku Mangalande siinkadziŵa kuti kuli anthu amene amati ŵana. Munali chimangirizo cha mwana wa Fomu 2 chofotokoza ulendo wake woyamba wa ku Nyika, ndi m'mene anaonera mbidzi. Zimenezi ndi mbiri, ndipo palibe nyumba yosungira zakale m'Malaŵi muno imene ndinaziona.

Koma m'kompyuta yomweyo munalinso maina a ana amene sanalipire fizi, ndi ndalama zimene aliyense anali nazo ngongole. Munali kalata yochotsa mtsikana sukulu, chifukwa chake chitalembedwa mosabisa. Mtsikana ameneyo lero ndi mayi wa pa banja pake, mwina ndimakumana naye pa msika. Ine ndine yani kuti ndisunge manyazi ake pansi pa bedi? Ndinafufuta makalata onse otere usiku womwewo, ndinasiya nyimbo ndi mbidzi. Koma ndinasankha ndekha, popanda wondiona, ndipo wina akanatha kusankha mwina. Choncho mphunzitsi wamkulu akamakana kupereka makina kwa munthu wongobwera, pali china chimene akuteteza choposa penshoni yake, ngakhale iye mwini sanachiganizire. Yankho la azungu ndi kuphwanya disiki. Koma kompyuta yopanda disiki yake iri ngati chigaza: mungaone kukula kwa mutu, simungadziŵe zimene unkaganiza.

Chimene chimandilimbitsa mtima kuti nkhaniyi si misala ndi phiri la Khondowe, m'boma lathu lomweli. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia kumeneko mu 1894, nayambitsa sukulu ya Overtoun. Pofika 1905 pa phiripo pankayaka magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, pamene matauni ambiri a muno mu Afrika ankaunikira nyali. Anyamata a ku Henga, ku Nkhamanga ndi ku Usisya anaphunzira kumeneko kusindikiza mabuku, kutaipa ndi kutumiza mau pa lamya ya telegalafu, ndipo luso limenelo linawatengera ku Salisbury, ku migodi ya Kitwe ndi ku Johannesburg kukakhala makalaliki. Kunena kwina, si koyamba kuti mwana wa ku Rumphi akhale pansi kutsogolo kwa makina achilendo ochokera ku Scotland, manja akunjenjemera. Agogo athu anayamba.

Nyumba ya miyala imene Laws anamanga mu 1903, nakhalamo mpaka pamene anachoka mu 1927, inasanduka yosungiramo zakale. Mukakwera msewu wa Gorodi kuchokera pa Chitimba, kapena kudzera njira ya kumtunda, mukaonamo makalata ake, zithunzi, zipangizo za udokotala, ndi magalasi a kanema wa nyali amene ankaonetsera anthu zithunzi pa nsalu. Zinthu zimenezi pa nthaŵi yake zinali ziŵiya wamba za ntchito. Zinafika pokalamba, zina zatsopano zinabwera, ndipo panali tsiku limene munthu wina akanatha kuzitaya ku dzala. Sanataye. Koma tiyeni tinene mosapsatira: zinapulumuka chifukwa zinali za mzungu wamkulu. Kiyi wa telegalafu amene mnyamata wa ku Mlowe anaphunzirirapo, sileti limene analembapo, makina otaipira amene zala zake zinafufuta zilembo, ziri kuti? Tikudziŵa zambiri za mphunzitsi, zochepa za wophunzira. Ndipo tsopano tikubwereza zomwezo ndi manja athu, popanda mtsamunda womuloza chala.

Ku Chichiri mu Blantyre, pa bwalo la nyumba ya zakale, pali mainjini a nthunzi ndi mutu wa sitima ya pamtunda, ana a sukulu amajambulitsapo. Pa Namaka, m'njira ya ku Zomba, pali kanyumba kokumbukira amtengatenga amene ankayenda pansi ndi matumba a makalata. Zimenezi tinavomereza kuti ndi mbiri chifukwa nzachitsulo cholemera ndiponso nzakale mokwanira. Vuto la kompyuta nlakuti imakalamba msanga kuposa m'mene mtima wa munthu umayambira kuisoŵa. Ikakwana zaka 10 ndi chinyalala. Ikanakwana zaka 50 ikanakhala chuma. Koma zaka 40 za pakatipo iyenera kuzikhala m'chipinda chodontha.

Ndipo ngakhale eni ake opanga makinaŵa anapunthwapo. Mu 1986 a BBC anafuna kukumbukira zaka 900 za buku la Domesday, kaundula wa minda ndi ziŵeto amene mfumu William inalembetsa mu 1086. Anapempha ana a masukulu zikwizikwi kuti alembe za midzi yawo ndi kujambula zithunzi, zonse nkuziika pa madisiki aŵiri a LaserDisc oŵerengedwa ndi kompyuta ya BBC Master. Pasanathe zaka 20 makina oŵerengera madisikiwo anali atasoŵa, ndipo mu 2002 zinatengera akatswiri a mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti atsitsimutse zolembazo. Buku la pa chikopa la mu 1086 liri ku Kew, likuŵerengeka bwinobwino. Ngati zinatero ku dziko la chuma, nanga chimangirizo cha mbidzi chija chiri ndi mwayi wanji?

Mnzanga wina wa chipinda chimodzi, wophunzira za chuma, anandidula pakamwa nditamufotokozera zonsezi. Anati sukulu imene ana akukhala pansi, imene buku limodzi akuŵerenga asanu, ilibe nthaŵi yolirira maliro a bokosi. Anati kusunga zakale ndi matenda a anthu okhuta. Sindimutsutsa kwenikweni. Ndipo pali mfundo ina yoposa yake imene ndimaivomera ndi mtima wonse: kompyuta yakufa ndi buku labwino kuposa chithunzi cha pa bolodi. Ana ambiri amalemba mayeso a kompyuta atajambula purosesa m'kope, chikhalirecho purosesa yeniyeni iri kuseri kwa khoma la kalasi lawo, yokiyiridwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu pa njala ya 2002, anapanga makina a mphepo opereka magetsi kuchokera ku fani ya thirakitala, njinga yakutha ndi zina zotola pa dzala la zitsulo. Dzala limenelo likanakhala ndi loko ndi kaundula, bwenzi dziko lisanamumve. Choncho pa makompyuta khumi a m'sitolo, asanu ndi anayi apatseni ana a Fomu 3 ndi sikuludiraiva, awamasule, aone m'kati, aphunzire kuti munthu ndiye anapanga. Masikirini okha asawatsegule, chifukwa amasunga mphamvu ya magetsi yoopsa ngakhale atazimitsidwa. Amenewo asonkhanitsidwe malo amodzi ouma kufikira atapezeka odziŵa kuwaononga bwino. Ine ndikupempha imodzi yotsalayo.

Ndipo sindikupempha kuti ikhale yanga. Pansi pa bedi la amalume si malo a mbiri ya boma lonse. Tsiku limene ndidzapeze ntchito kutali, azakhali adzapambana mlandu wa nkhuku uja. Pa Khondowe pomwepo pali yunivesite ya Livingstonia, imene Sinodi inatsegula mu 2003, ndipo pali nyumba ya miyala ija. Kusamutsa katundu kuchoka pa sukulu kupita ku malo osungira zakale, ndi makalata ake oyenera, sikungamuike mphunzitsi wamkulu aliyense m'mavuto monga kugulitsa kwa munthu wamba. Pangafunike shelefu imodzi youma, munthu mmodzi wolumbira kusunga chinsinsi amene angasankhe zofufuta ndi zosiya, ndi kope limodzi lolembamo kuti makina aŵa anachokera kuti, anafika chaka chanji, anaphunzitsa ana angati, anafa bwanji. Kopelo nlofunika kuposa makinawo, ndipo amene angalidzaze ndi aphunzitsi aja anadziphunzitsa okha kukonza, amene ambiri akuyandikira kupuma ntchito. Inu a mbiri yakale amene chaka chilichonse mumasoŵa mutu wa kafukufuku, nkumabwereza za John Chilembwe ndi za thangata, nayi nkhani imene eni ake akali moyo ndipo angakulandireni ndi tiyi.

Nthaŵi yokha ndiyo ikuchepa, pakuti sitolo zatsala pang'ono kulandira alendo ena. Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambirimbiri amene sangathe kunyamula Windows 11 akuchotsedwa m'maofesi a maiko olemera. Ena mwa amenewo adzakwera makontena, ndipo tidzawalandira ndi nyimbo, moyenera. Kuti apeze malo, akale a m'labu adzaloŵa m'sitolo, ndipo akale a m'sitolo adzapita kuseri kwa zimbudzi. Komanso kuyambira mu 2023 boma linayamba kugaŵa matabuleti otchajidwa ndi dzuŵa m'masukulu a pulaimale, pa ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a makalasi oyambirira aziphunzirirapo kuŵerenga ndi masamu. Tabuleti ndi chinthu chomata, chovuta kutsegula, ndipo batire lake likakhalitsa osagwira ntchito limatupa, nthaŵi zina nkuyaka moto. Bokosi lotuŵa lija lingapirire zaka 20 za makoswe. Tabuleti siingagone m'sitolo motero. Amene adzafune kusunga imodzi ayenera kuganiza ikali yamoyo.

Pakali pano ndimachita zimene ndingathe. Ndikapita ku tchuthi ndimatulutsa zitatu zija, kuziika pa mkeka, kuzipukuta, ndi kuziyatsa kwa ola limodzi ngati magetsi alipo, chifukwa makina otere akakhalitsa osayaka ndi pamene amafa. Ana a oyandikana nawo amadzaza pakhomo, ndipo amene anazoloŵera foni amakanda sikirini ndi chala, nadabwa kuti siikumva. Ndimawaonetsa disiki ya fulopi ndi kuwauza kuti chithunzi chimodzi cha pa foni ya amayi awo sichingakwanemo, iwo nkumaseka kuti ndikunama. M'kati mwa Compaq muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi ola makina akazima. Kanatha mphamvu, ndiye ikangoyaka imaima nkundifunsa kuti lero ndi liti. Kabatire kotere amagulitsa okonza mawotchi pa msika wa pa boma, ndipo ndauza amalume kuti akapita kukagula feteleza andigulireko kamodzi.